Dzanja Lamanja la Achimwene

Lamulungu, 9 Novembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi akunyumba, ana ndi Amayi. Mudabwa kuti ndalemba papepala pomwe foni ilipo. Lachisanu lija ndinakuimbirani, inu n'kuyankha, ine n'kunena kuti ndimafuna kumva za chifuwa cha Amayi. Sizinali zimenezo. Mukundidziwa, nkhani ikakhala yolemera pakamwa panga pamauma. Papepala ndikhoza kufufuta n'kuyambiranso. Chonde muwerengere panokha, Amayi asakhale pafupi, chifukwa iwo amamva ngakhale mmene munthu akupumira.

Nkhani ndi ya dzanja la achimwene, lamanja. Ali moyo, akudya, akulankhula, musagwetse pepala. Koma ali m'chipatala. Kuti mumvetse mmene zinachitikira ndiyenera kuyamba ndakufotokozerani ntchito yanga, imene nthawi zonse mukandifunsa ndimangoti ndi ya magetsi.

Kuntchito kwathu timapanga timabolodi toyendetsa makina. Kabolodi kamodzi n'kofanana ndi chikhatho. Pakati pake pamakhala kanthu kakuda, kochepa ngati chikhadabo, ka miyendo mbali zonse ngati nkhupakupa. Timakatcha kaubongo. Kakamabwera kuchokera kogula kamakhala kopanda kanthu m'mutu. Ntchito yanga ndi kukathira pulogalamu, kutanthauza malangizo amene abwana analemba pa kompyuta: mota iyambe liti, iime liti, ithamange bwanji. Anzanga amati kufulasha, monga amachitira ndi mafoni.

Akuti kale ankayamba akazula pabolodi ndi moto, n'kukaika m'kabokosi kothirira, n'kukabwezeranso, ndipo miyendo yake inkathyoka. Masiku ano sitikazula, timakathira kali pomwepo. Pambali pake pali timadontho tagolide, ndipo ine ndili ndi kachipangizo ka timisomali tosongoka kolumikiza ku laputopu. Ndimatsamiritsa timisomali pa timadontho, n'kudina batani, n'kugwira mpweya. Getsi limayaka lofiira, kenako lobiriwira. Ukachotsa dzanja pakati, kapena likangonjenjemera, kaubongo kamatsala ndi theka la nzeru ndipo makina sadzuka mpaka uyambirenso. Achimwene ndi amene anandipemphera malo. Abwana poyamba anakayikira atamva kuti sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma ataona kuti dzanja langa silisuntha anati ndikhale.

Pali chinthu chimodzi choopsa. Kaubongo kali ndi ntchito zambiri kuposa miyendo yake, ndiye mwendo umene umalandira pulogalamu ndi womwewo umene umalamula mota. Zili ngati nyumba ya khomo limodzi. Pamene ndikuthira, mota imamva mawu akudutsa pakhomopo n'kuyesa kuti akuuza iyo. Imadzidzimuka, n'kukoka lamba. N'chifukwa chake abwana anaika lamulo lakuti kabolodi kakakhala kali m'makina, uyambe wazula pulagi ya mota, uthire, unene mokweza kuti "Ndamaliza", ndiye mnzako abwezere pulagi. Patebulo panga palibe mota, koma anati ndizinenabe mawuwo nthawi zonse kuti pakamwa pazolowere.

Achemwali, mawu amenewo ankandivuta. M'shopu muli amuna okhaokha ndi phokoso la zitsulo, ndipo ndikati ndikuwe, mawu ankatuluka ngati a mwanapiye. Ankandiseka, osati mwankhanza ayi. Tsiku lina achimwene anati, "Musiyeni mlongo wangayu, anabadwa volyumu itathyoka. Muzingoyang'ana getsi, getsi ndiye pakamwa pake." Kuyambira pamenepo wotenga timabolodi ankangosuzumira ali patali, getsi likabiriwira n'kubwera. Ine ndinapuma. Abwana sankadziwa, iwo amakhala m'kachipinda kawo ka galasi.

Chachiwiri panalibe wochidziwa. Getsi likabiriwira, mtima wanga sukhazikika. Ndimapuma kamodzi n'kudinanso. Ndi mmene ndimabwerera kukagwedeza loko nditatseka kale, paja munkanditukwana nazo. Abwana anandiuza kuti kompyuta imadzifufuza yokha ngati zonse zalowa bwino, ndipo ndinamva, koma mumtima ndinkaona ngati utoto, kuti kupaka kachiwiri kumalimbitsa. Sizinkapweteka aliyense. Pofika wotenga kabolodi uja ndinkakhala nditamaliza kachiwiriko.

Ndiye kunabwera ntchito yakunja. Pali fakitale yaing'ono yothira madzi m'mabotolo imene inagula makina athu. Lamba wonyamula mabotolo ankanyamuka mwaukali, mabotolo n'kumagwa. Abwana anakonza pulogalamu n'kunena kuti ine ndikathire konko, achimwene akaone za zitsulo. Kanali koyamba kuti ndituluke ndi laputopu. Achimwene anandinyamulira chikwama m'basi akuuza anthu osawadziwa kuti, "Patukani, ndikuperekeza injiniya." Ine nkhope m'manja.

Malo ake ndi opanikiza, pansi ponyowa. Bokosi la kabolodi lili mbali ino ya makina, munsi, loti ugwade n'kulowetsa mutu. Mota ili mbali inayo. Mwini fakitale anatilandira akuyang'ana wotchi, n'kunena kuti magalimoto akudikira madzi, kenako anapita kukayankha foni. Achimwene anazula pulagi n'kuikweza m'mwamba kuti ndiione. "Nayi, mwana wa amayi. Thira."

Ndinagwada, ndinatsamiritsa timisomali, ndinadina. Lofiira. Lobiriwira. Achimwene anali atawerama pamwamba pa makina akuyang'ana getsi, monga iwo omwe anaphunzitsira aliyense. Ataliona anabwezera pulagi. Kenako anaona kuti lamba wakhota pang'ono pa gudumu lake, n'kulowetsa dzanja kuti amuwongole. Ine mutu uli m'bokosi sindinkaona chilichonse. Ndinapuma kamodzi, ndinadinanso.

Silinali phokoso lalikulu. Kunangomveka kuti gu, ngati wina wagwetsa thumba. Achimwene anati, "Chotsa!" Ndipo apa ndi pamene ndikulephera kudzikhululukira. Dzanja langa linazolowera kuti pakati sachotsa, ndiye linachedwa kumva. Anazula okha pulagi ndi dzanja lamanzere.

Nditazungulira makina ndinawapeza atakhala pansi m'madzi muja. Zala ziwiri, chapakati ndi chamnzake, zinali zosaoneka bwino. Sindifotokoza. Anazikulunga ndi nsanza yopukutira mafuta, n'kupukuta gudumu ndi dzanja linalo. "Usalire pano," anatero. "Longedza laputopu." Pulogalamu inali italowa bwino, ndiye anabwezera pulagi. Mwini fakitale pobwera anapeza lamba akuyenda mofatsa, botolo lililonse litaima. Anayamikira kwambiri. Achimwene dzanja anali atalibisa m'thumba la ovololo, akumwetulira.

Tili panjira anaima pansi pa khonde la sitolo, thukuta lili kamukamu.

"Getsi linabiriwira. Ndinaliona ndi maso angawa."

"Ndinadinanso."

"Chifukwa?"

"Kuti ilimbe."

Anandiyang'ana, kenako anayamba kuseka mpaka misozi. "Kuti ilimbe! Mwana iwe, ndi simenti?" Atasiya kuseka anati, "Tamvera. Chandipana ndi chitseko cha basi. Wamva? Chitseko cha basi."

Ndinati tipite kuchipatala pomwepo. Anakana. Anati madokotala si ana, aona kuti chitseko sichisenda khungu chotero, akawagoneka abwana abwera kudzazonda, ndipo afunsa mafunso mpaka afike pa ine. Amene ankagwira ntchito yanga ndisanabwere anachotsedwa tsiku limodzi chifukwa chodumpha lamulo lija la "Ndamaliza", ngakhale panalibe wovulala. "Ine ndili ndi masipanala, kulikonse ndidya," anatero. "Iwe ukachoka paja ulowera kuti? Ubwerere kukachapira anthu?" Anagula mapiritsi opha ululu m'sitolo momwemo, tinapita kunyumba.

Alamu, akazi awo, anatsuka balalo ndi madzi amchere akutukwana mabasi onse a m'dziko. Ine ndinagwira beseni. Atatuluka kukataya madzi ndinawatsatira, ndipo anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Alamu, inu munali pomwepo. Ndi chitseko chanji chodya munthu chotero, chili ndi mano?" Ndinayang'ana pansi. Anayesa kuti ndi manyazi anga a masiku onse.

M'mawa mwake achimwene anavala magolovesi aakulu owotcherera zitsulo n'kupita kuntchito. Anauza aliyense za chitseko, akuchita kuyerekeza mmene kondakitala anachimenyetsera, anthu n'kumaseka. Ankagwira ntchito ndi lamanzere, akuti akuliphunzitsa kuti lisamadye zaulere. Ine ndinali patebulo panga ndikuthira timabolodi.

Masiku otsatira dzanja linayamba kutupa. Linkatentha ngati mbaula. Kenako kunabwera fungo. Alamu ankangotsegula mawindo, mpaka m'mawa wina analephera kupirira.

"Bambo a mwana, dzanjali likununkha."

"Likununkha ntchito, mayi."

"Ntchito yanji yonunkha ngati khoswe wofera kudenga? Mukufuna ndikhale wamasiye chifukwa cha chitseko?"

"Wamasiye wokongola chonchi sachedwa kupeza wina."

Alamu anamenyetsa kapu patebulo n'kutuluka akulira. Achimwene anatsala akulimbana ndi mabatani a malaya. Ndinapita kukawamangira. Pamene ndinakweza mkono wa malaya ndinaona mzere wofiira ukukwera kuchokera pa dzanja kulunjika kuchigongono. Ndinati, "Achimwene, ndikukupemphani, tiyeni kuchipatala. Ntchito isiyeni ipite." Nkhope yawo inasintha. Sindinawaonepo chotero chimwalirireni Bambo. Anati, "Ndapirira zonsezi kuti iwe udzazitaye? Ukangotsegula pakamwa, usadzanditchulenso achimwene."

Achemwali, inu mukudziwa kuti sindinawayankhepo chibadwire. Ndinamanga batani lomaliza, tinapita kuntchito.

Tsiku lomwelo dzuwa lili pamutu ndinamva sipanala itagwa. Ndinacheuka. Achimwene anawerama kuti aitole, koma m'malo moitola anangokhala pansi, atatsamira mwendo wa tebulo. Milomo inali itayera. Wina anawafunsa, iwo anati ndi malungo chabe, awapatse madzi. Anthu anabwerera kuntchito zawo. Ine ndinayang'ana golovesi lija, linali litakhuta ngati mpira.

Ndinaika timisomali pansi. Ndinapita pa kachipinda ka galasi n'kugogoda, koma kugogoda kwanga mukukudziwa, ngakhale mphaka sangadzuke. Abwana anali atatuluka kale khomo lina, ali kumapeto kwa shopu, pafupi ndi makina odulira zitsulo amene amalira ngati nkhumba. Pakati pathu panali anthu onse. Ndinaitana, osamva. Ndinaitananso, osamva, ndipo anali akulowera kugalimoto yawo makiyi ali m'manja.

Sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinakuwa kuti, "Abwana! Si chitseko!"

Wodula zitsulo anazimitsa makina. Shopu yonse inangoti zii. Ndinanena zonse ndili chiimire, pamaso pa aliyense: kuti ndinasiya kunena "Ndamaliza", kuti ndimadina kawiri, kuti lamba ndiye anagwira dzanja, kuti pali mzere wofiira ukukwera mkono. Sindinayang'ane kumene kunali achimwene, koma maso awo ndinkawamva pakhosi.

Abwana anabwera n'kunjuta patsogolo pawo. "Vula golovesi." Achimwene anati, "Bwana, mwanayu akungo..." Abwana anati, "Vula." Silinavulike. Analidula ndi sizasi. Amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Abwana anangouza amuna awiri kuti awanyamule.

M'galimoto ndinakhala nawo kumbuyo. Pokhota ndinawagwira phewa kuti asagwe, iwo anachotsa dzanja langa.

Adokotala ataona anafunsa kuti tinali kuti masiku onsewa. Anati tikanachedwanso pang'ono tikanakambirana za mkono wonse, kapena za zina zoposa mkono. Chala chapakati achichotsa chonse, Achemwali. Chamnzake akuti chikhoza kupulumuka, koma mwina sichidzapindika. Akuwabaya mankhwala, thupi lasiya kutentha, ndipo mzere uja wabwerera. Dzanja lilipo. Ndimadziuza zimenezo m'mawa uliwonse, kuti dzanja lilipo.

Pakhonde la chipatala abwana anandiitana. Ndinkayembekezera kuti akalipa, koma analankhula motsitsa, zimene zinandiopsa koposa. Anafunsa kuti kachiwiri ndinkadiniranji. Nditawauza za utoto anatseka maso kwa nthawi. Anafunsa kuti anandilola ndani kusiya kunena mawu aja, ndinati ndinasiya ndekha. Anati, "Shopu yonse inkadziwa, ine ndekha ayi?" Kenako anati ndikhale kaye kunyumba, adzandiitana akaganiza. Mpaka lero sanaitane. Laputopu ndinaisiya patebulo nditakulunga chingwe bwinobwino. Sindikudziwa ngati ndidzaigwirenso, ndipo kunena zoona sindikudziwa ngati dzanja langa lingakhalenso chete pa timadontho tija. Za achimwene anati malo awo alipo, adzawapezera zogwira.

Alamu anamvera kuchipatala komweko kuti sichinali chitseko. Tsiku lonse sanandilankhule. Ndinasesa, ndinachapa, ndinasambitsa mwana, iwo akungondidutsa ngati mpando. Ndinayamba kupinda zovala zanga, poganiza kuti m'nyumba mwa eni simukhala munthu amene wapundula mwini nyumba. Anandipeza ndikupinda. Anati, "Mukupita kuti? Mwaononga, ndiye muthawe, mundisiyire ndekha munthu wovuta uja?" Anandilanda chikwama n'kuchiponya pabedi. Kenako anati, "Pakamwa mukanatsegula tsiku lomwe lija la beseni, bwenzi chala chilipo." Ndi zoona, ndipo sindinatsutse. Atafika pakhomo anacheuka n'kunena kuti, "Koma mukanapanda kutsegula konse, bwenzi ndikulira maliro." Anandipatsa chakudya kuti ndikapereke kuchipatala.

Maulendo oyamba achimwene ankandiona ndikulowa n'kutembenukira kukhoma. Ndinkaika chakudya pakabati, n'kukhala pampando mpaka anamwino atatitulutsa. Bambo wa pabedi loyandikana, wothyoka mwendo, anafika pondimvera chisoni n'kumandipatsa nkhani iyeyo. Dzulo ndinakhalanso chimodzimodzi. Patapita nthawi achimwene analankhula akuyang'anabe khoma.

"Mawu onse aja umawasunga kuti?"

Ndinati sindikudziwa.

"Anthu akuti mpaka agalu a kuseri kwa shopu anathawa."

Bambo wa mwendo uja anaseka. Ine ndinalephera. Achimwene anatembenuka, ndipo nkhope yawo inalibe nthabwala.

"Ndinati usanene."

"Munatero."

"Ndiye?"

"Ndinanena, achimwene."

Ndinawatchula dala, kuti ndione ngati andiletsa. Anayang'ana dzanja lawo lili m'mabandeji pamwamba pa pilo, nthawi yaitali. Kenako anatenga lalanje pakabati ndi lamanzere, analitembenuzatembenuza, n'kundiponyera pamiyendo. "Senda. Ukuona ngati ndisenda ndi chiyani?" Ndinasenda misozi ikugwera pa lalanje, iwo n'kumadandaula kuti ndikulithira mchere. Sindinganene kuti zatha. Pochoka sanandiyang'ane. Koma anati mawa ndibweretse sopo ndi lumo, ndiwamete ndevu, chifukwa alamu ali ndi dzanja lolemera.

Tsopano pempho langa. Achimwene akuti kwanuko tisanene kanthu. Akuti pofika kumapeto kwa chaka bala lidzakhala litapola, adzabwera okha, ndipo adzapeza nthabwala yoti anene. Mukuona kuti ndawalakwiranso polemba kalata ino. Koma ndaona kumene kukhala chete kunatifikitsa, ndipo sindikufunanso.

Mukudziwa mmene Amayi amachitira mwana wawo wamwamuna akafika. Maso awo aja saonanso bwino, ndiye amagwira dzanja lake ndi manja awo onse awiri, n'kumalisisita chala chimodzichimodzi, osalisiya mpaka atafunsa za ulendo wonse. Chonde, Achemwali, asadzadziwire pamenepo. Musankhe tsiku limene chifuwa chawapatsa mpata, muwakhazike pansi, muyambe ndi kunena kuti ali moyo ndipo akudya. Inu mumadziwa kuyala mawu, ine sindidziwa. Akafunsa kuti anadina batani ndani, musaname. Koma ngati mungathe, muwauze kuti ameneyo adzabwera kudzanena yekha.

Mupereke moni kwa akunyumba ndi kwa ana onse, wamng'onoyo mumupsompsone m'malo mwanga. Alamu akupereka moni. Amayi muwauze kuti ndimawakumbuka tsiku lililonse, ndipo azivala juzi m'mawa. Achimwene nditawauza kuti mwina ndikulemberani, anati ndikupatseni moni wambiri, ndipo ndilembe kuti ali bwino. Ndalemba.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.